Nthambi Yachisanu ndi Chitatu

Mauwa, Chiradzulu
14 Ogasiti, 2001

Okondedwa amake Veronika, mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Kuno mwana wanu akudya bwino, nkhuku zikadali khumi ndi zinayi, ndipo nandolo wayamba kuuma.

Mukukumbukira mtengo wa gwafa wa pakhomo uja? Nthambi zake zam'munsi zilipo zisanu ndi ziwiri; ndimayanikapo zovala, choncho ndimazidziwa. Lachiwiri lapitali ndinawerenga zisanu ndi zitatu. Ndinapukuta magalasi n'kuwerenganso, chimodzimodzi. Kenaka Veronika anandikoka chitenje.

"Agogo, kodi nthambi imatulutsa lilime?"

Ndinaitana a Sabiti, oyandikana nafe aja. Anati ndi nalikukuti, njoka yotuwa, yowonda ngati kamtengo kouma, ya ululu woopsa. Ikakhala mumtengo imangoti njo tsiku lonse, mphepo ikaomba nayonso n'kumagwedezeka. Pamene ankabwera ndi nsungwi, nthambi zinali zitabwerera pa zisanu ndi ziwiri.

"Nanga apumbwa anu ali kuti, mayi?" anandifunsa. "Ife imatipusitsa, koma mbalame ayi. Zikaiona zimaizinga n'kulalata mpaka mudzi wonse udziwe."

Ndinangoyang'ana pansi. Apumbwawo ankandithera mapapaya, ndiye mwezi watha ndinauza anyamata atchere ulimbo. Anagwira asanu ndi anayi, otsalawo anathawa. Pakhomo pano tsopano pali zii.

Za maso anga musade nkhawa, lamanzere lokha ndi limene lachita nkhungu. Komabe paja munati mudzamutenga mwana mu Disembala. Bwanji mungobwera Loweruka lino? Kukwera gwafa ndamuletsa, koma mukumudziwa, sadutsa kamtengo osatola. Dzulo anabwera ndi tinkhuni m'manja, akuti, "Agogo, onani ndakuthandizani!" Tinawerengera limodzi, khumi ndi tiwiri, n'kutiunjika pakona m'nyumba, pafupi ndi mphasa yake.

Perekani moni kwa bambo ake. Veronika akupereka moni, akuti musaiwale nsapato zofiira zija. Panopa ndamukhazika patebulo pomwe ndikulemberapa, miyendo atapinda, ndipo ndamuuza kuti ndi masewera: woyamba kuponda pansi wagonja. Akuseka kwambiri. A Sabiti apita kumsika, abwera madzulo.

Tinkhuni tija ndatiwerenga katatu konse, ndili chapatali, ndi diso labwinoli. Tikukwana khumi ndi titatu.

Ndine mayi wanu wokukondani,
Sophie Kalinde