Timavu Tasankha Mbali Yanga

Lachisanu, 14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, mwana wanu akukula ndipo nsapato zija munamutumizira zayamba kale kumuthina. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, komanso nkhani yake ndi ya thupi langa, ndipo pakamwa ikundikanika.

Inu mumandiseka kuti ndinapita kusukulu zaka zonsezo kuti ndidzawete ntchentche. Lero mundilole ndikufotokozereni bwino ntchitoyi, apo ayi muziti mng'ono wanu wazungulira mutu. Si ntchentche, ndi timavu ting'onoting'ono, tochepa kuposa njere ya mpunga, tosaluma munthu. Mbozi ikayamba kudya tsamba la chimanga, chimangacho chimatulutsa fungo lomwe ife sitilimva. Kamavu kamalimva, n'kulilondola mpaka kupeza mbozi ija, n'kuikira mazira m'thupi mwake. Mbozi imapitiriza kuyenda ndi kudya ngati palibe chachitika, pomwe ana a mavu akuidya m'kati. Ife tikuyesa kupanga fungolo m'botolo kuti alimi aziitana timavu kumunda m'malo mopopera mankhwala.

Poyesa fungo timagwiritsa ntchito chubu chagalasi cha mphanda. Mbali ina timalowetsa mpweya wa fungo lathu, mbali inayo mpweya wamba, kenako timaika kamavu kumunsi n'kuona komwe kalowere. Tikayesa tisanu, timatembenuza chubu kuti kuwala kwa pawindo kusatinamize. Lamulo la m'chipindamo ndi lolimba: sopo wonunkhira ayi, mafuta odzola ayi, ngakhale kudya lalanje pa nkhomaliro ayi. Zaka zinayi ndakhala ndikuyenda wotuwa ngati ndagona paphulusa chifukwa cha lamuloli.

Mwezi wathawu timavu tinayamba kundichititsa manyazi. Ine ndimakhala kumanzere kwa tebulo, ndipo timavu tonse timalowera kumanzere. Ndikatembenuza chubu, fungo n'kupita kumanja, ito kumanzere ndithu. Tikafika kumapeto kwa mphanda sitibwerera, timangoima pagalasi, tinyanga tathu tikugwedera, titayang'ana kwa ine.

Abwana ataona zotsatira anandiitana. "Mayi, mwayamba kudzola chiyani? Ngati mwapeza chibwenzi tiuzeni, tikusamutsireni ku ofesi."

Ndinaseka nawo, koma zinandiwawa. Ndinachapa gawuni yanga ya kuntchito ndi madzi otentha okhaokha, ndinasintha zovala zonse, ndinameta ndi tsitsi lomwe. Sizinathandize.

Pantchito pali bambo wina wachikulire amene timangowatcha a Ndevu. Iwo ndiwo amasamala chipinda chowetera, ndipo timavu amatidziwa kuposa abwana. Tsiku lina masana anati, "Tadzukani pampandopo, mukaime panja." Anayesa okha timavu makumi awiri, ndipo pafupifupi tonse tinalondola fungo la m'botolo monga mwa masiku onse. Atandiitananso anandiimika kumanja, ndipo totsatirato tinalowera kumanja.

Kenako a Ndevu ananditengera kuchipinda chowetera, momwe muli makola a neti okwana khumi ndi awiri, lililonse lili ndi timavu mazanamazana. M'chipindamo mumakhala phee, mumangomveka fani. Ndinaima pakati. Pang'onopang'ono neti zinayamba kuda mbali yoyang'ana kwa ine, khola ili, kenako linalo, mpaka onse. Sitinabalalike neti yonse ayi, tinaunjikana malo amodzi, molingana ndi chifuwa changa. Nditasuntha mapazi atatu, kagulu kakuda kaja kanasunthanso. Achemwali, kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma ine ndinamva kuzizira mpaka m'mano.

"A Ndevu, n'chiyani chimenechi?" ndinafunsa.

Anakanda ndevu zawo nthawi yaitali. "Mwana wanga, ine za m'mabuku sindidziwa, ndipo abwana mukawauza akusekani. Koma zaka makumi atatu ndili muno, sindinaonepo timeneti tikupita pa chimanga chabwinobwino. Timapita pomwe pakudyedwa."

"Ndiye mukuti chiyani?"

"Sindikuti kanthu. Kuchipatala munapitako liti?"

Ndinawakalipira. Ndinati asandilodze ndi pakamwa, ndine munthu wophunzira, kamavu sikangadziwe za munthu. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Koma chomwe chinandikwiyitsa n'chakuti amanena zomwe ndinkazidziwa kale.

Apa ndiye pomwe ndakhala ndikukubisirani. Kuyambira mwezi wa Juni ndili ndi kachotupa m'bere la kumanzere, kolimba ngati nyemba youma, kosapweteka. Mukukumbukira kuti kwa malemu amayi zinayambanso chomwechi, ndipo anatibisira mpaka pomwe tinkawasambitsa tokha. Ine ndinalumbira pamaliro paja kuti sindidzachita zopusa zotero. Koma ndachita. Ndinkati posamba ndizilambalala malowo, ndipo tsiku lija munandifunsa pafoni chifukwa chomwe ndaondera, ndinakunamizani kuti ndi ntchito.

Ndinapita kuchipatala Lolemba lapitali. Adokotala atakhudza anasiya nthabwala zomwe anayamba nazo, n'kufunsa ngati kwathu wina anadwalapo matendawa. Anadula kanyama kukayeza, ndipo zotsatira zituluka Lachinayi pa 27. Za timavu sindinawauze. Mwina pali chifukwa china chomwe tikundilondolera, ine sindikudziwa, ndipo sindifunanso kudziwa. Ndapempha kuti andichotse m'chipinda choyesera, tsopano ndimatsuka magalasi kuseri. Komabe ndikamadutsa m'khonde, a Ndevu amatseka chitseko chawo msanga kuti ndisaone neti.

Ndikuopa, achemwali. Ndikuopa kwambiri. Dzulo ndinatenga mbozi imodzi yomwe ili ndi mazira m'kati, ndinaiyang'ana ikudya tsamba mwamtendere, ndipo ndinalephera kuibweza m'bokosi mpaka mnzanga anandilanda.

Pempho langa ndi ili. Bwerani pa 26, mudzandiperekeze. Sindifuna kukamva ndekha, ndipo mukudziwa kuti bambo a mwanayu chichokereni sanaimbepo foni. Ababa musawauze kaye, mtima wawo uja sungapirire kawiri. Mukawauze kuti mukubwera kudzaona nyumba yatsopanoyi.

Pobwerera mudzatenge mwana wanu akakhale kwanu masiku a tchuthi cha pakati pa teremu. Iye ndamuuza kale ndipo akudumphadumpha, akuti akagona ndi azibale ake chipinda chimodzi. Sadya mazira, amachita zidzolo. Akakwiya amakhala chete, musamukakamize, amayamba yekha kuyankhula. Masamu akuvutika nawo koma amachita manyazi kufunsa, ndiye alamu azimuyamba ndi iwo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa ababa mukawapsompsone pachipumi ngakhale akane. Mukadzaona kukula kwa sutikesi ya mwanayu musadzandifunse pamaso pake. Ndaikamo ndi majuzi a nyengo yozizira, yunifomu, ndi kalata yomusamutsira sukulu yochokera kwa aphunzitsi aakulu, ili pansi penipeni.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Make mwana