Lulu Anasanza, Ndinabwereza

Al Waab, Doha
16 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali a Mwanjuma,

Assalamu alaikum. Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa inu mumandigwira ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo ndatopa moti mafunso sindingawathe. Kalatayi ndapatsira a Maclean a ku Balaka, amene akunyamuka mawa.

Mukumukumbukira Lulu, mphaka wa madamu amene munkamuseka kuti amagona pabwino kuposa ife? Anamupeza ndi khansa ya m'matumbo. Musaseke, kuno mphaka ali ndi dokotala wake. Anamulembera timapiritsi taukali, kamodzi pa masiku awiri alionse, ndipo potigwira umavala magulovu. Ntchito yomumwetsa inali ya Nelia, mnzanga wa ku Chipata amene ndimagona naye chipinda chimodzi.

Sabata yatha madamu anapita ku Umrah, ulendo wa mapemphero wa ku Makka, ndipo Nelia msana unamugwira, n'kundipempha kuti ndimugwirire. Ndinamumwetsa Lulu piritsi, pasanapite nthawi anasanza pakapeti. Achemwali, ife tinaphunzitsidwa bwanji? Mwana akasanza mankhwala a malungo, anesi amati mupatseninso, sanalowe. Dauda wanga ndamuchiritsa kangati mwa njira imeneyi? Ndiye ndinamupatsanso. Mawa lake silinali tsiku la mankhwala, koma nditaona kuti wafooka ndinati matenda akukula chifukwa mankhwala sakukhazikika m'mimba. Ndinamupatsa, anasanza, ndinabwereza. Pa masiku atatu anamwa mapiritsi asanu m'malo mwa awiri. Sindinafunse munthu, ndinkadziona ngati wanzeru.

Lachisanu mutu unayamba kumunjenjemera, m'mimba kutsegula, chakudya osachinunkhiza n'komwe. Dalaivala anathamangira naye kuchipatala. Dokotala anati asilikali a m'magazi mwake atsala pang'ono kutheratu, ndipo mankhwala amenewa ndi poizoni woyezedwa, ukapyola muyezo amawononga thupi lonse. Panopa ali pa diripi, sakudziwa ngati apulumuka.

Madamu atabwera Lolemba anakhuthula botolo patebulo, anaona kuti mapiritsi aperewera, n'kuitana Nelia. Sanakalipe. Anangoti, "Khalas, zatha basi, Nelia, longedza." Tiketi yake yobwerera kwawo ndi ya Lamlungu.

Nelia sananditchule. Titalowa m'chipinda anatseka chitseko n'kundiuza kuti, "Iwe Mwanaidi, ine nili na mwana mmodzi chabe, iwe uli na atatu. Duty inali yanga, ndine ninaisiya. Khala zii, wamva?"

Ndipo ndakhaladi zii masiku awiri, manyazi andigwira polemba izi. Ndimasita, ndimakolopa, koma ndikaima pa swala kuti ndipemphere mawu amandithawa. Usana uno ndinawapititsira madamu tiyi, ndinawapeza akulira atagwira kambale ka Lulu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti m'nyumba muno munthu wokhulupirika ndatsala ine ndekha. Kunena zoona, bola akanandimenya mbama. Nelia akupinda zovala zake kwinaku akuimba nyimbo za kutchalitchi kwawo, msana ukumupwetekabe, ndipo ine ndikungomupatsira mahang'ala ngati mlendo.

Ndatopa, achemwali. Zaka zinayi ndapirira kutentha, miyendo kutupa, ana kukula ndili kutali, koma izi zandilemera kuposa zonsezo. Mawa madamu akamapita kukaona Lulu ndiwapempha kuti ndikwere nawo galimoto, ndikanene ndekha pamaso pa dokotala. Mwina kumuthandizanso kudziwa bwino mmene mapiritsiwo analowera. Nelia sindinamuuze, angandiletse.

Mupereke moni kwa amayi, koma za nkhaniyi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Dauda ndi alongo ake muwauze kuti amayi awo ali bwino, ndipo asamajombe ku madrasa. Alamu muwathokoze pondisungira anawa. Mundipangire duwa kwa Mulungu, mupempherere ndi mphakayo ngakhale muziseka. Ndipo Lolemba mukamva kuti ku Chileka kuli munthu wofunika kumuchingamira, musafunse zambiri, ingobwerani.

Ndine mng'ono wanu,
Mwanaidi