Kabokosi ka Overton

Lolemba, 10 Malichi 2025

Kutentha, dziko la eni lino. Sitima ya ku Joondalup yodzaza. Ku ntchito nkhani ndi yomwe ija, Overton ndi timabatani take. Mnzanga wa ku Lusaka ameneyu, timayang'anira limodzi makompyuta a ophunzira a PhD, akuti sikiripiti yanga, kapulogalamu kamene ndinalemba, imaopseza anthu. Imene imakopera ntchito zawo ku seva, kompyuta yaikulu yosungira, masana alionse. Tchimo lake, zilembo zoyera pa windo lakuda. Akufuna izitulutsa kabokosi kofunsa kuti ikopere kapena ayi, munthu n'kudina. Akuti shelo yeniyeniyo, windo lakudalo, inayenera kumabwera ndi mabatani. Shelo! Polembera malamulo a kompyuta, osati sitolo ya ku Cannington. Iye akuti, "Mudala, bantu sibafuna votaipa." Zaka zinayi sikiripiti imeneyi sinadwalepo ngakhale chimfine. Abwana avomera. Iwo chilichonse chamtundu wowala n'chitukuko.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Kabokosi katuluka ndithu, koma pa seva, m'chipinda chokiya chija, sikirini yozimitsa. Kakudikira munthu adine Inde. Ndani, buluzi? Chiyambire dzulo palibe chimene chakopedwa. Kukonza kwake mzere umodzi wa sikiripiti. Sindikonza. Lachisanu kuli msonkhano, ndidzamuonetsa pamaso pa abwana. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Lachinayi, 13 Malichi

Patuma, mmodzi wa ophunzira athu, anadutsa. Wa ku Machinga, chaka chomaliza, sikolashipi ikutha mu Juni. Sabata ino wajambula mawu a manesi khumi ndi anayi a kwathu ogwira ntchito ku Midland, aliyense pa tsiku lake lopuma. Lamulo la kafukufuku limati akasamutsira mu laputopu afufute m'chojambulira. Wafufuta. "Achimwene, zanga zikusungika eti?" Ndinati asade nkhawa. Mumtima kunandiluma pang'ono. Koma ndi mawa lomweli.

Lachisanu, 14 Malichi

Msonkhano asunthira Lachiwiri. Overton watha m'mawa wonse akusankha mtundu wa batani, wobiriwira kapena wabuluu. Munthu wa madigiri awiri. Ndinam'thandiza kusankha, ndinati wobiriwira ukumuyenera. Ndapirira masiku atatu, anayi ena n'chiyani.

Lolemba, 17 Malichi

Laputopu ya Patuma inafa Loweruka. Disiki. Ndayesa zonse zimene ndikudziwa, ndi zimene sindikudziwa. Ziii.

Pa seva zilipo za pa 10 kubwerera m'mbuyo. Manesi aja palibe ndi mmodzi yemwe. Awiri anasamukira kale ku Darwin. Wina analira pofotokoza zake, anati sadzabwerezanso kwa munthu.

Patuma sanakuwe. Anangokhala pampando, chikwama pamiyendo, ngati ali pa mzere kuchipatala. Bola akanakuwa.

Mzere uja ndakonza. Masekondi makumi awiri.

Lachiwiri, 18 Malichi

Msonkhano wanga uja. Ndisanatsegule pakamwa Overton waimirira, wavomera zonse. Kabokosi nkake, sanayese pa seva, mlandu ngwake. Abwana akuti kontirakiti yake ayiunikanso, ndipo viza yake yatsamira pomwepo. Atatuluka anapita kwa Patuma kukapepesa, manja kumbuyo, chimunthu chachitali chonchija.

Ndiye ndapambana. Mabatani achotsedwa. Abwana anandigwira paphewa.

Patuma anandipeza pa khonde. "Inu munanena kale, achimwene. Akanangokumverani." Ndinagwedeza mutu movomera. Ndili ndi manyazi oti sindikudziwa powaika.

Seva imalemba aliyense wolowamo, ndi nthawi yake. Dzina langa lilipo, Lachitatu pa 12, isanakwane 11 koloko m'mawa. Muofesi muno palibe wina amawerenga zimenezo.

Abwana akufuna lipoti mawa, tsiku ndi tsiku, ndani anadziwa chiyani, liti. Ati ndilembe ine poti ndine wosamala.

Lipotilo ndayamba. Lolemba pa 10 ndalemba. Lachiwiri ndalemba. Lachitatu