Netiweki ya pa Mtengo wa Mango

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti alamu anu atopa, mwezi wawo wochira ndi uno.

Chandisowetsa mtendere ndi foni. Paja kuno imagwira pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi basi. Lamulungu lapitali ndinapitako kuti ndiimbire wa njinga yamoto amene adzatitengere kuchipatala, koma sinalowe. Anthu anali atadzaza, aliyense foni m'mwamba.

Bambo ena ogwira ntchito ku koleji anandiuza kuti, "Mafoni akaunjikana malo amodzi amalimbirana netiweki. Muzibwera tsiku la msika, anthu akakhamukira ku Songani."

Ndinawafunsa kuti, "Nanga mwana akadzafuna kubadwa Lamulungu?" Iwo anangokanda m'mutu.

Ine zandisokoneza, achimwene. Netiwekiyo timaitsatira ndife, ndiye tikafika izithawanso ife tomwe?

Chonde ndiuzeni ngati foni ya mtundu wina ingathandize. Pakadali pano ndaganiza zokawasiya alamu anu kwa amayi awo ku Naisi, pafupi ndi msewu. Kumeneko minibasi amangoiimitsa ndi dzanja.

Mutikumbukire m'mapemphero, nanunso Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane