Pa Katope Kapena pa Bango

Mzimba Boma
9 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Ntcheu. Ife kuno tilipo, kwangotentha kwambiri. Kalatayi ndapatsira a Caroline, anzanga a kutchalitchi amene amapita kumeneko kukapikula kachewere, ndipo ndawapempha kuti aipereke m'manja mwanu. Chonde muwerenge nokha, ngakhale pang'onopang'ono, musapatse wina. Ndalemba zilembo zikuluzikulu chifukwa cha maso anu. Pa foni sindikanatha kunena izi, chifukwa foniyo ndi ya amalume ndipo amaikweza mawu kuti khonde lonse limve.

Amayi, ndikufuna mundiuze pamene munamugoneka mwana wanga. Ndikudziwa kuti siziyenera kufunsidwa. Koma werengani kaye mpaka kumapeto.

Ndinakuuzani kuti ndinapeza ganyu kumtsinje. Bungwe lina likukonza m'mbali mwa mtsinje kunsi kwa tawuni, paja anthu ankataya zinyalala ndi kukumba mchenga. Zinyalala tinachotsa. Tsopano akufuna kuyala njira ya njerwa za simenti yotsata mtsinje, kumanga masitepe otsikira pochapira, mabenchi, ndi pamthunzi poimika njinga za kabaza. M'mphepete tikubzala udzu wa vetiva kuti madzi asamadye gombe. Ine ndili ku nazale, ndimathira dothi m'machubu ndi kuthirira mbande za mbawa, monga ankatiphunzitsira malemu bambo tili ku Luwawa.

Amene anajambula zonsezi ndi a Christobel, mayi wa ku Embangweni amene anaphunzira za mapulani ku Blantyre. Pamsewu anaimika chikwangwani cha chithunzi chosonyeza mmene padzaonekere. Pali anthu ovala zoyera, wina akuyenda ndi galu womanga chingwe. A Dyness, amene ndimagwira nawo ku nazale, ataona anaseka mpaka kukhala pansi.

"Nyaphiri," anatero kwa ine, "galu wa ku Mzimba kumutenga kokayenda ngati mlendo? Ndiyetu a kabaza adzagwa panjinga ndi kuseka!"

Nanenso ndinaseka. Nthawi imeneyo ndinali ndisanaone kumene njirayo idzadutse.

Ntchito isanayambe kunali msonkhano wa anthu okhala kufupi ndi mtsinje. A Christobel anafunsa bwinobwino. Anati, "Kodi m'mbali muno muli manda, kapena malo ena oti tisawakhudze? Ndapota, nenani lero." Abambo anayankha pamodzi kuti palibe, manda ali kumtunda. Sananame, iwo sadziwa. Amayi tonse tinayang'ana pansi. Munandiuza nokha tsiku lija kuti mwana wobadwa atafa amaikidwa ndi amayi okha, pamalo onyowa, dzenje losazama kuti mimba isatsekeke, ndiponso kuti saliridwa, mayi wake sapita kukaonapo, ndipo nkhani yake siimveka kwa amuna. Ndiye ndikanaimirira bwanji pamaso pa abambo onse aja?

Chimene munandiuza chinali chimodzi chokha, kuti mwamugoneka kunsi kwa mwala wochapira. Munali awiri, inu ndi apongozi anga, ndipo apongozi anatisiya chaka chatha. Mwatsala inu.

Mwezi watha anyamata anayamba kukhoma zikhomo zopaka utoto wofiira ndi kumanga chingwe posonyeza njira. Nditapita kukatunga madzi othirira, ndinaona kuti chingwe chadutsa mwala wochapira n'kupitirira kunsi, pafupi ndi mtengo wa katope uja. Keni yothirira inandigwa m'manja. A Dyness anandiyang'ana, nati motsitsa mawu, "Khala chete, mwana wanga. Zimenezo n'za pansi, zisiye pansi." Sindinawauzepo kanthu, koma anadziwa.

Ndinayesa kukhala chete. Koma a Lyford, kapitawo wathu, anafotokoza kuti kudzabwera chigalimoto chokumba, chidzapala dothi kufika m'mawondo asanayale miyala. Kufika m'mawondo, Amayi. Inu munati simunakumbe mozama.

Tsiku lina ndinapeza a Christobel ali okha pansi pa gombe, akuyeza ndi tepi. Ndinaima kumbuyo kwawo mpaka anatembenuka.

"A Eneless, kwagwanji? Mwadwala?"

Ndinawauza. Sindikumbuka mawu amene ndinagwiritsa ntchito, ndinkayang'ana zala za kumapazi. Mundikhululukire, koma ndinaganiza kuti popeza ndi mayi, sindinalakwe kwambiri. Iwo anapinda tepi yawo, nakhala pa mwala, nandiuza kuti ndikhale pambali pawo. Anati amayi awo anawauzapo za mwambowu ali mtsikana, koma sanauganizire pojambula. Anati, "Ndinafunsa pamalo olakwika. Pepani chomene." Kenako anati, "Ndisonyezeni malowo. Njira ndiikhotetsa. Pamenepo tidzabzala maluwa ndi vetiva, popanda chikwangwani, ndipo palibe adzadziwe chifukwa chake. Koma mutsimikize, chifukwa akuluakulu sakonda kuti mapulani azisinthasintha."

Amayi, apa ndi pamene ndinalakwitsa. Munthu wamkulu chotero anali atasiya ntchito yake, akundidikira. Ndinachita manyazi kunena kuti ine mayi wake sindidziwa pamene mwana wanga wagona. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kumtunda kuli katope, kumunsi kufupi ndi madzi kuli bango, kutalikirana kwake ngati kuchoka pakhomo panu kufika pankhokwe. Mumtima ndinati, amayi anga sangamusiye padzuwa, anamuika pamthunzi. Ndiponso chingwe chinali pomwepo, ndipo mantha anga onse anali pomwepo. Ndinaloza pa katope.

"Pano?"

"Eya, pano."

"Yewo," anatero, nalemba m'pepala lawo.

Anasungadi mawu awo. Anajambulanso gawo lonselo. Zikhomo anazizula pa katope n'kuzitsitsira kumunsi, m'mphepete mwenimweni mwa bango. Popeza kumeneko n'kofewa, akuti adzakumba mozama kuposa poyamba, kuti aikemo miyala yomangidwa m'mawaya yochirikiza njira. Ine ndinagona tulo tabwino, ndinathokoza Mulungu.

Sabata yatha anatituma kukadula bango kuti chigalimoto chidzapeze podutsa. Titaweruka ndinakhala pa mwala kutsuka miyendo. Matope a pamenepo ndi akuda, onata, ndipo masamba a bango anali atandichekacheka m'miyendo. Ndikutsuka choncho ndinaona miyendo yanu m'maganizo. Tsiku lija mutabwerera kuchipatala munaima pafupi ndi bedi langa, ine nditayang'ana pansi chifukwa sindinkafuna kuona nkhope ya munthu. Miyendo yanu inali ndi matope akuda mpaka m'katumba, ndi timabala tofiira. Ndinali nditaiwala. Pa katope dothi ndi lofiira, lamchenga, ndipo palibe chocheka munthu.

Mwina munangodutsa m'bango popita. Mwina munatsikira kumadzi kukasamba m'manja mutamaliza. Ndimadziuza zimenezi ndikamathirira mbande. Koma ngati munamugoneka pa bango, ndiye kuti njira ija poyamba inkamulambalala, ndipo ndine ndaitenga ndi chala changa n'kuiika pamwamba pake.

Ndinapita ku kanyumba ka malata kamene amasungiramo mapulani kuti ndikawauze a Christobel. Ndili pakhomo ndinamva a Lyford akudandaula.

"Mama, njira inali yowongoka bwinobwino, mwaipinda ngati njoka. Simenti yawonjezeka, mawaya awonjezeka, mvula ili pafupi. Zonsezi chifukwa cha mtengo umodzi?"

"Mizu yake ndi imene yagwira gombe," anayankha a Christobel. "Mukaidula, chaka chamawa mudzakatola njerwa zanu kunsi kwa mlatho."

Ananditchinjiriza, sananditchule. Atandiona anamwetulira, nati, "A Eneless, muli makora? Mukufuna kanthu?" A Lyford anali akundiyang'ana. Ndinati ndabwera kudzabwereka wilibala. Ndinaikankha yopanda kanthu mpaka ku nazale.

Ndingabwererenso bwanji kwa iwo ndi mawu akuti mwina? Akasuntha njira kubwerera pa katope, nanga ngati ali pa katope pomwepo? Malo ndi ochepa, kumtunda kuli mpanda wa munthu, njira iyenera kudutsa pamodzi mwa malo awiriwa. Ndikapita, ndipite ndi mawu anu, osati maganizo anga.

A Lumbani, amuna anga, sadziwa chilichonse. Akuona kuti sindikudya, akuganiza kuti ndi dzuwa la kumtsinje. Dzulo anandigulira chipewa. Amanyadira ntchitoyi, amauza anzawo a kabaza kuti mitengo yonse ya kumeneko yadutsa m'manja mwa akazi awo, ndiponso kuti ikatha tidzapita Lamulungu masana kukakhala pa benchi. Ine ndimangoti eya. Ndipo ntchitoyi ndi yabwinodi, Amayi, sindikuida. Mtsinje wasiya kununkha, ana ayambanso kusambira. Koma ndikaganiza anthu akuyenda pamwamba pake akudya chimanga chootcha, kapena chigalimoto chija chitamufukula pamaso pa anyamata, ndimasiya kuthirira n'kumangoyang'ana kumtsinje.

Chigalimoto chili ku ntchito ina cha ku Jenda, akuti chifika mwezi uno usanathe. Ndikanakonda mukanabwera nokha, koma ndikudziwa za bondo lanu. Ngati pakamwa panu sipangathe kunena, musanene. Bwerekani foni ya amalume ngati kuti mukufuna kundipatsa moni, muimbe n'kudula ndisanayankhe. Mukaimba kamodzi ndidziwa kuti ndi pa katope. Mukaimba kawiri ndidziwa kuti ndi pa bango, ndipo ndidzapita kwa a Christobel tsiku lomwelo, ngakhale a Lyford alipo, ngakhale andichotse ntchito. Foni ndikuyenda nayo m'chitenje, ndaikweza mawu.

Mukakhala chete, Amayi, sindidzadikira chigalimoto. Ndidzatenga kakhasu kanga ka ku nazale, ndidzayamba pa bango, pang'onopang'ono ndi manja, mpaka ndimupeze. Ndikudziwa zimene munati zimachitika kwa mayi wopita pamenepo, kuti mimba yake imatsekeka. Ndaziganizira. Kuli bwino ndimupeze ine.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, muwauze kuti mbewu ya nyemba ija inabereka bwino. Moni kwa achemwali ndi alamu. Mwana wawo Taonga ayenera kuti akuthamanga tsopano, mumupsompsone m'malo mwanga, sindinamuiwale ngakhale sindimufunsa kawirikawiri. A Lumbani akupereka moni wambiri, akuti mvula ikagwa mubwere mudzadye bowa.

Mukamapemphera m'mawa, potchula adzukulu anu mmodzimmodzi, muonjezepo Walusungu. Mungatchule chamumtima. Ndi dzina lake, ndinamupatsa ndekha ali m'mimba. Palibe amene akulidziwa, ngakhale bambo ake, ndipo lero ndi koyamba kulilemba.

Ndine mwana wanu,

Eneless,
amake Walusungu