Ndevu za Ababa

Amayi,

Kumeneko mwadzuka bwanji? Kapena ndikufunseni m'Chiyao chanu chija, monga munkatifunsira mukamatsegula chitseko m'mawa: ajimwiche uli? Ndine Filipo. Ndikulemba ndili kuno ku Monkey Bay, ndangofika kumene kuchokera kwathu ku Malindi, fumbi la pamsewu likadali m'makutu.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono, poti inu munkadana ndi munthu wofika pakhomo n'kuyamba nkhani yolemera asanapatsidwe mpando. Mlongo wanga Aginesi anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Ali ndi makutu anu enieni, aja oima ngati akumvetsera za kwa aneba. Achipani atabwera ndi makhadi anamuwerengera nayenso, ndiye Elizabeti wamng'onoyo ali ndi khadi lake asanamere dzino ndi limodzi lomwe. Mpunga wa kudimba kwanu sunachite bwino. Nyanja inakwera n'kumiza mizere yonse ya kumunsi, ndipo wotsalawo Aginesi anagawana ndi mbalame, poti ndi pakati paja sakanatha kuyingitsa tsiku lonse. Chinangwa ndiye chabereka. Mtengo wa mandimu uja munabzala kuseri kwa bafa wayamba kubala chaka chino. Munkati mudzamwera tiyi mandimu ake. Tamwera ndife.

Nkhani yaikulu mukuidziwa kale kuposa ine. Ababa akutsatirani. Tawaika sabata yathayi pambali panu, chakumanja. Ndikudziwa kuti simumva zambiri kwa iwo, poti ngakhale kale, lilime lawo lisanalemere ndi matenda ofa ziwalo aja, anali munthu woti mukawafunsa za ulendo wonse wa ku Likoma amangoti, "Tinapita, tabwera." N'chifukwa chake ndati ndikufotokozereni ndine m'mene anakhalira chichokereni inu.

Tsiku lometa maliro anu tonse tinametedwa kumutu, ababa nawonso. Koma wometa uja atatsikira kundevu, anamukankha dzanja. Anthu anati asiyeni, n'chisoni. Pambuyo pake ndinawatenga kudzakhala nafe kuno, poti nyumba ya kuntchito kwathu kudoko ili ndi mpope ndi magetsi, komanso chipatala chili pafupi. Anavomera movutikira. Ankakhala pakhonde tsiku lonse kuyang'ana amisiri anzawo akukhoma mabwato kutsidya kwa mpanda, dzanja lawo lamoyo lija likugwedezeka pabondo ngati nalonso lagwira nyundo.

Ndevu zinakula, Amayi. Simukanawazindikira. Chifere mkono wawo wamanja, inu ndi amene munkawameta Loweruka lililonse masana, kuti Lamulungu akalowe m'tchalitchi ali munthu. Ndikukuonani mpaka pano: beseni la madzi ofunda, kansalu koyera, kachitini ka tiyi kaja munkasungiramo lezala ndi burashi. Munkayamba mwawafunditsa kansalu kotenthako kumaso, kenako n'kuwagwira chibwano ndi zala ziwiri. Akati asunthe, inu, "Khalani phe, bambo, ndevu sizikuthawa." Ife ana tinkaseka. Sitinkadziwa kuti tikuonerera chinthu chimene palibe wina aliyense wa ife amachitha.

Kuno ndevuzo zinayamba kuwavutitsa. Poti pakamwa pawo panapotoka mbali imodzi, phala linkatayikira m'ndevumo n'kuumiramo, ntchentche n'kumawatsata. Mpongozi wanu Joyisi ankafuna kuwapukuta, koma mukudziwa, mpongozi sagwira nkhope ya apongozi ake, ndipo iwo ankatembenukira kukhoma ndi manyazi. Ndinawanyengerera kwa nthawi yaitali mpaka tsiku lina anagwedeza mutu. Ndinatulutsa kachitini kanu kaja, poti ndinabwera nako, ndinaika lezala latsopano, ndinachita zonse monga ndinkakuonerani. M'masaya zinayenda. Koma pansi pa chibwano, pamene khungu lawo linakwinyika ngati nsalu yosasita, lezala linalowa. Magazi anatsika mpaka pakolala. Iwo sanadandaule. Anangonditsinzinira.

Kachilonda kake kanali kochepa, koma ndi shuga wawo uja kanakana kupola. Kanatupa, kanachita mafinya, anadwala nako malungo mpaka tinawagoneka kuchipatala. Adokotala anandiitanira pambali.

"Bambo Filipo, akuluwa lezala lisawayandikirenso. Ulendo wina chilonda chotere chidzawatenga."

Ndinakabisa kachitini kanu pansi pa sutikesi, ndevu n'kuyambanso kumera.

Nthawi imeneyo ndi imene mng'ono wanga Mateyu anabwera kuchokera ku Joni. Maliro anu anamva mochedwa, mwezi utatha kale, ndipo chimenechi chimamudya mumtima mpaka lero. Anatsika basi pa Mangochi ali ndi tsitsi lalitali lofika pakolala, monga amachitira anyamata kumeneko. Anyamata achipani anamukhazika pansi padepoti pomwepo n'kumudula ndi sizasi anthu akuonerera, ati tsitsi lalitali n'loletsedwa kuno. Anafika kuno mutu uli zigambazigamba, wokwiya, wosafuna kuyankhula ndi munthu. Koma ataona ababa, anagwada n'kulira ngati kamwana.

M'chikwama mwake munali makina ometera ndevu, a magetsi, ang'ono ngati sopo wochapira, okhala ndi chingwe chakuda. Atamva za chilonda chija anawatulutsa msangamsanga.

"Achimwene, mavuto atha. Awa sacheka munthu. Ngakhale wakhungu akhoza kudzimeta nawo."

Anawalumikiza kukhoma, makinawo n'kuyamba kulira ngati mavu atsekeredwa m'botolo. Ababa anadzidzimuka, anabisa nkhope m'khwapa. Mateyu anadziyesera yekha patsaya kuti aone kuti sapweteka, anawagwiritsa ndi dzanja lawo lamoyo lija, koma iwo anangowakankhira kutali.

Tinakangana, Amayi, ine ndi Mateyu, kuseri kwa nyumba kuti ababa asamve. Ine ndinkati tisawakakamize, munthu wamkulu ngati ameneyu sitingamugwire ngati mbuzi. Ndinkati mwina ndikaphunzira bwino, ndikamapita pang'onopang'ono, lezala lomwelo likhoza kutheka.

"Mwayesa kale, achimwene," anatero Mateyu. "Munatsala pang'ono kuwaika m'manda. Amayi ndinawapeza atakwiriridwa kale. Mukufuna awanso achoke ine ndikuona, chifukwa cha kachitsulo?"

Ankanena zoona. Koma nanenso ndinkaona chimene iye sankachiona, poti sanakhale nawo miyezi yonseyi: kuti munthu amene walandidwa mkono, lilime, mkazi ndi mudzi wake, chimene chinamutsalira chinali kukana basi.

Anatithandiza ndi Joyisi. Anati, "Nanga bwanji osawafunditsa kansalu kotentha kaja poyamba, monga ankachitira amayi? Makinawo abwere pambuyo." Mateyu anati makina safuna nkhope yonyowa. Joyisi anati ndiye muwapukute iume, vuto lili pati. Tinayesa Loweruka lotsatira. Ndinadula kaye ndevu zazitalizo ndi sizasi, ndinawafunditsa kansalu, ndinawapukuta, ndinawagwira chibwano ndi zala ziwiri. Mateyu atayatsa makina, ababa anatsinzina mwamphamvu, koma sanathawe. Tinawameta mpaka kumaliza, popanda ndi dontho lomwe la magazi.

Kuyambira pamenepo makina anapambana, ndipo sindinganame, anatithandiza. Ntchentche zinawasiya. Anayambanso kulola kuti tiwatengere kutchalitchi. Koma sanawakonde ndi tsiku limodzi lomwe. Tikamaliza ankadzisisita patsaya ndi kuseri kwa dzanja, n'kumva kuti pakadali tokhakhala ngati mchenga, poti makina safika pamene lezala limafika. Ankapukusa mutu n'kunena liwu limodzi, "Chiputu."

Tsiku lina tikuwameta chomwecho, ndinawauza kuti pa Pasaka ndapempha tchuthi, tidzapita nawo ku Malindi akaone manda anu, poti chiikireni maliro anali asanapondeko. Anandigwira dzanja kuti Mateyu azimitse makina. Analimbana ndi lilime lawo kwa nthawi, malovu akutsika, mpaka mawu anatuluka.

"Tsiku lopita kwa amayi ako... lezala."

Mateyu anati, "Ababa, adokotala analetsa."

Iwo anabwereza, akundiyang'ana ine. "Lezala."

Mkangano unayambiranso. Mateyu ankati tidzawamete ndi makina kuno m'mawa wa tsiku la ulendo, poti kwathu kulibe magetsi, ndipo sadzadziwa kusiyana kwake. Ine ndinkati adzadziwa, ndipo adzakhala atatipempha chinthu chimodzi chokha ife n'kuwamana. Koma ndikakumbukira mafinya aja ndi malungo aja, mtima unkandigwa. Ndinayamba kudzimeta ndekha ndi lezala lanu m'mawa uliwonse, kuphunzira kukoka khungu la pakhosi ndi chala kuti liwongoke. Sindinkadziwa ngati tsikulo likadzafika ndidzalimba mtima kapena ndidzamvera Mateyu. Mpaka lero sindikudziwa.

Pasaka sanamudikire. Anayamba chifuwa, anagona masiku angapo osadya bwino, ndipo Loweruka limenelo sitinawamete poona kuti afooka. Lolemba m'mawa anapempha kuti tiwatulutsire pakhonde. Joyisi anawapatsa tiyi, anamwa pang'ono. Pamene amabwerera kudzatenga kapu anapeza atatsamira khoma, maso ali kumabwato, atapita.

Akuntchito anatibwereka lole. Tinazungulira pa Mangochi, tinawoloka Shire, tinafika kwathu dzuwa likadali pamutu. Ine njira yonseyo sindinalire. Ndinkangoganiza za matabwa a bokosi, za uthenga wopita kwa ansembe, za anthu oti adye chiyani. Ndinkadzidabwa ndekha.

M'mawa mwake akuluakulu analowa m'nyumba kukasambitsa thupi, motsogozedwa ndi mlongo wanu, amalume a Bwanali. Ife ana tinakhala panja monga mwa mwambo. Ndili chikhalire, Mateyu anabwera n'kundiika kanthu pamwendo. Kanali kachitini kanu. Ine m'chipwirikiti chija sindinakakumbukire n'komwe. Anakatenga ndi iyeyo, amene ankadana nako uja.

"Achimwene, tsiku lija ndi lero," anatero.

Tinagogoda. Amalume anasuzumira, nkhope ili gwa.

"Mwana salowa kosambitsa bambo ake. Mwaiwala?"

"Sitinaiwale, amalume," anayankha Mateyu. "Koma analamula okha. Anati popita kwa amayi adzametedwe ndi lezala. Ndevu zamera, ndipo amene anawauza ndi achimwenewa."

Amalume anayang'ana kachitiniko. Ndikhulupirira anakazindikira. Anatsegula chitseko n'kuuza anzawo aja kuti ayambe apuma panja.

Ndinapempha madzi ofunda. Amalume anati, "Ofunda n'ngachiyaninso tsopano, mwanawe?" Ndinati amayi sankawameta ndi ozizira. Anangotuma kuti atereke. Mateyu anakhala pamphasa n'kuika mutu wa ababa pamiyendo pake. Ndinawafunditsa kansalu, ndinapaka sopo ndi burashi yanu ija yothothoka, ndinawagwira chibwano. Amayi, nkhope yawo inali itawongoka. Kupotoka konse kuja kunali kutachoka, anali ngati ababa a kale, aja ankabwera kuchokera kugombe ndi utuchi m'tsitsi. Lezala linayenda bwino, tsaya ili, tsaya linalo, pamwamba pa mlomo. Posalala ngati mwala wa m'madzi. Mateyu anasisitapo ndi chala n'kunena chapansipansi, "Ankanena zoona. Makina aja safika apa."

Nditafika pansi pa chibwano ndinakoka khungu monga ndinaphunzirira. Koma lezala linalowanso, pafupi ndi chipsera chakale chija. Ndinathamangitsa kansalu kuti nditseke magazi. Ndinadikira. Nditachotsa, kansalu kanali koyera. Panangokhala kamzere kotseguka, kouma, kopanda kanthu.

Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti ababa amwalira. Osati pakhonde paja, osati palole. Ndinalira, Amayi, kulira kumene sindinalire ngakhale pa maliro anu, mpaka amalume anadzandichotsa lezala m'manja n'kunditulutsa. Sindinathe kumaliza.

Ndiye mukawaona ali ndi kachilonda pansi pa chibwano, musawafunse, sangakuuzeni. Ndine. Ndipo chakumanzere, kumunsi kwa khutu, kwatsala kamalo kakang'ono kosameta. Amalume anafuna kumaliza, koma Mateyu anawaletsa, anati pamenepo asiyireni eni ake. Kachitini kanu tinakaika m'bokosi, pafupi ndi dzanja lawo lamanzere, muli lezala latsopano. Mumalize ndinu.

Mateyu wanena kuti sabwereranso ku Joni. Akufuna kukhala kwathu, afolerenso nyumba yanu ndi kuthandiza Aginesi kudimba. Kuseri kwa khitchini tapeza thabwa la mlombwa limene ababa anasunga mkono usanafe, louma bwino, lopanda ndi mng'alu womwe. Mvula ikangotha ndidzabwera ndi Joyisi ndi ana, ndipo ine ndi Mateyu tidzasema mtanda umodzi waukulu wa nonse awiri. Sitili amisiri ngati iwo, mwina udzapendekeka pang'ono, koma tidzausema ndi manja athu. Limeneli ndi lonjezo langa.

Tonse kuno takusowani. Muwapatse moni ababa.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Filipo