Wotsala Yekha wa M'badwo Uja

Lolemba, 2 Okutobala 1933

Mvula yadzulo yalowanso m'dzenje la kachisi. A Alva, amuna anga, apita ndi ndowa m'malo mwa fosholo. Chaka chachisanu chino akukumba. Khoma palibe, ngakhale lofika m'bondo. Achule okha ndiwo ayamba kale mapemphero m'menemo.

Bambo adya masupuni asanu a phala. Zaka 101. Anabadwa mu Ogasiti 1832, kutatsala mwezi umodzi kuti mneneri wa mpingo wathu alosere zoti kachisi adzamangidwa kuno ku Independence, ku Missouri, m'badwo umenewo usanathe. Mumpingo wathu waung'onowu, wa m'badwo umenewo atsala ndi iwo okha. A Alva amati Bambo akamapuma ndiye kuti ulosi ukupuma. Mmawa uliwonse amasuzumira kaye kuchipinda kuona ngati bulangeti likukwera ndi kutsika. Ine za mmene ndadzukira sandifunsa.

Lachitatu, 4 Okutobala

Kadzuwa kofunda. Masamba achikasu akuyoyoka okha, mphepo palibe. Ndinawodzera pawindo ndikusenda maapozi, ndipo ndinamuona kachisiyo. Woyera mbee, wamtali, mtambo utatsamira padenga. Pamasitepe pali mwana wanga Orvil, uja anapita ndi chimfine cha 1918, akupukuta nsapato. Sanakule. Kutsegula maso, bulu akukoka dothi, apozi lagwera pansi.

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali ndisanawamwetse. "Zilpha, mkakawu ndikumwera njala yanga, kapena ndikumwera dzenje?" Ndinaseka. Kenako ndinawamwetsa.

Lamulungu, 8 Okutobala

Achimwene a Thurman afika pasitima kuchokera ku Utah. Analowa mpingo wa kumeneko kalekale, anenepa, kolala yowuma gwa. Nkhuku isanathe m'mbale, mkangano.

A Thurman akuti ulosi unakwaniritsidwa kale ku Ohio, kachisi anamangidwa, anthu anaona angelo. "Alamu, inu mukukumba chitsime basi. Muikemo nsomba, ana adye."

A Alva anafiira mpaka m'makutu. "Ohio ndi Missouri? Mukalonjeza mkazi nyumba pano, mumakam'mangira kwa eni?"

A Thurman anatembenukanso, akuti adani akatsekereza ntchito Mulungu salipiritsa anthu ake. Ndiye kachisi anamangidwa, komanso analephereka pa zifukwa zomveka? Asankhe chimodzi. Mayi Ketchum oyandikana nafe, amene anangobwera kudzabwereka sefa, anaponyapo zawo: m'badwo ndi zaka zana, unatha chaka chatha, tonse tikagone.

Kenako mawu a Bambo kuchipinda, ang'onoang'ono koma omveka. "Ine ndinali khanda lonyowetsa matewera. Palibe anandifunsa."

Ndinaseka mpaka misozi, ndekhandekha. Ena onse maso m'mbale.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Alendo asanu ndi awiri lero. Sabwera kudzacheza, amabwera kudzaona. Agwira dzanja la Bambo ngati akuyesa phwetekere pamsika, kenako nkumandilangiza. Msuzi wa nkhuku, mlongo. Uchi, mlongo. Musatsegule windo, mlongo. Wochapa nsalu zogonera ndi mmodzi yekha, ndipo sam'tchula m'mapemphero.

Atapita, Bambo anatseka pakamwa, kukana chakudya. Akuti Mayi aima m'munda wa maapozi kwathu kwakale, avala chipewa cha udzu, akuwakodola. Mayi anamwalira ine ndili ndi mimba ya Orvil. "Akuti ndachedwa. Ukuwadziwa amako akadikira."

Ndinakankha supuni pakati pa nkhama zawo. Ndinakankha ndithu. Msuzi unatsikira m'khosi, iwo maso ali pa ine. Manyazi andigwira mpaka tsopano.

Lachisanu, 13 Okutobala

A Thurman abwerera. Pageti anandinong'oneza, "Mlongo, ileke nkhalambayo ipume. Si mzati wa nyumba." Akunena zoona, ndipo ndadana nawo chifukwa cha zoonazo. Iwo sanaone a Alva mwana atamwalira. Zaka khumi munthu osaimba, osaseka, kudya ngati akutafuna thonje. Tsiku limene anagwira fosholo padzenje lija ndi limene anabwera kunyumba akuimba mluzu. Dzenjelo linandibwezera mwamuna. Bambo akapita, kodi a Alva adzatsala ndi chiyani m'manja?

Madzi okha lero, masupuni atatu.

Lamulungu, 15 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Pobwera a Alva anagwada pambali pa bedi, mbale m'manja, zikhatho zong'ambikang'ambika. "Bambo, chaka chimodzi chokha. Tingoika mwala wapangodya, basi."

"Mkamwini, ndakudikirirani mokwanira. Ulendo wanga ndi wanga." Anatero mofatsa, kenako anawasisita kumutu ngati kamwana.

A Alva anatuluka, kukaima m'mphepete mwa dzenje ndi suti yawo ya Lamulungu mpaka dzuwa kupendeka. Ndinawaonera pawindo. Ndinakwiya nawo, ndinawamvera chisoni, zonse pamodzi. Kaya ulosi unakwaniritsidwa ku Ohio, kaya unatha chaka chatha, kaya ukubwera. Ine sindikudziwanso. Chomwe ndikudziwa, supuni ija sindidzaikankhanso.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Atsekwe akuthengo adutsa, mzere wautali kulowera kummwera. Ndatsegula windo kuti Bambo awamve. Anamwetulira. Amanditchula dzina la Mayi tsopano, ndipo ndimavomera.

Lachinayi, 19 Okutobala

Apita. Mbandakucha, dzanja lawo lili m'langa. Mpweya umodzi wautali, wina sunabwere.

A Alva atadzuka ndinaima pakhomo pa chipinda. Ndinati agona bwino lero, musawadzutse. Zaka makumi anayi m'banja, bodza langa loyamba lalikulu. Anasangalala, anandigwira paphewa, ananyamula fosholo.

Ndawasambitsa ndekha. Ndawapesa ndevu, ndawaveka malaya oyera. Opepuka ngati mtolo wa zovala. Ndalira pang'ono, mwakachetechete, Mayi Ketchum angamve.

Tsopano ndakhala pawindo. Kunja kwawala modabwitsa. Dothi lauma, fumbi likukwera padzenje n'kuima m'mwamba osasuntha, lagolide. Amuna asanu ndi mmodzi, bulu mmodzi. Mafosholo akumveka bwinobwino mpaka kuno. Onsewo akukumba m'kati mwa m'badwo umene unatha mmawa uno, ndipo wodziwa ndine ndekha. Ndikapanda kutsegula pakamwa, nthawi ikadalipo. Kachisi akhoza kumangidwa.

Belu la masana. Akutuluka m'dzenje mmodzimmodzi. A Alva patsogolo, chipewa m'manja, akuimba.

Chigumu chapsa, nyemba zili patebulo. Ndiwauza akadya. Adye kaye, akhute, amalize nyimbo yawoyo. Afika pageti. Akupukuta nsapato kuti asachite phokoso, angadzutse Bambo.